Manja Onunkha Chinangwa

Dzulo kuno ku Kande kunabwera anyamata a bungwe lina pa galimoto yoyera, kudzatiphunzitsa kubzala chinangwa. Ali mkati molankhula, mphepo inabweretsa fungo la chinangwa choviika, ndipo ndinakumbukira aphunzitsi athu a Sitandade 4.

Anali ochokera kuchigawo chapakati, ndipo baji ya chipani sinkachoka pachifuwa pawo. M'mawa ankatiimika pamzere, kutinunkhiza manja, n'kukwinya mphuno.

"Kondowole, nsima yanu ya chinangwayi, amagonetsa ubongo," ankatero. "Mtundu wotukuka umadya chimanga."

Anatizulitsa chinangwa chonse m'munda wa sukulu. Tinaunda mizere mumchenga n'kubzala chimanga kuti alendo a boma adzaone chitukuko.

Ine ndinakhulupirira kuti umbuli umalowera m'manja. Ndinkakwecha zala ndi mchenga mpaka kusupuka, ndipo mayeso atayandikira ndinakana kondowole.

"Ama, ndikadya ndilephera."

"Ugonere nzeru zakozo," anatero amayi, n'kupereka mbale yanga kwa mlongo wanga.

Chimanga chija chinafika m'mawondo, n'kuchita chikasu, n'kuthera pomwepo. Alendo aja sanatsike n'komwe m'galimoto. Njala itavuta, ndinapeza akazi a aphunzitsi kuseri kwa nyumba yathu, beseni atalibisa m'chitenje, akupempha ufa wa chinangwa monong'ona. Ndinawamvera chisoni aphunzitsi, ndikudikira tsiku loti aiwale masamu. Sanaiwale. Ananenepa, n'kumatinunkhizabe manja.

Dzulo anyamata aja atamaliza, anati tiwombe m'manja poti atibweretsera mbewu yopirira chilala. Tinawomba ndi manja omwe ankanunkha aja.