Mashoki Ofiira a Enoch

Enoch, mwana wa mlongo wanga, ndi kalaliki ku Chipata, koma mtima wake uli m'galimoto yake yamipikisano, yofupika moti nyerere zimawerama ikamadutsa. Loweruka ankayenera kukatenga mkwatibwi wake, Leticia, ku Madzimoyo, kumudzi kwa maenje oti ng'ombe n'kubisalamo.

Tili kugalaja, makaniko Fackson anamuonetsa mitundu iwiri ya mashoki, zitsulo zoletsa galimoto kudumphadumpha m'maenje: akuda, olimba koma odula, ndi otchipa ochokera kumalire ku Mwami, opakidwa penti yofiira.

"Amalume, ofiirawa adzaoneka bwino pa zithunzi za ukwati," anatero Enoch.

"Mphwanga, mashoki amakhala kunsi. Adzawajambula ndani, achule?" ndinatero.

Anasankhabe ofiirawo. Fackson atawamanga anakankha boneti pansi kuti ayese, galimoto n'kuyamba kudumphadumpha. Ndinamwa tiyi mpaka kumaliza iyo isanakhazikike.

Loweruka m'mawa Enoch ananyamuka, maliboni akuuluka. Pomwe galimotoyo inagona panali madontho a oyilo, pafupi ndi tayala lililonse: mashoki aja anali atayamba kale kudontha. Ndinamuimbira foni koma sanayankhe. Ndinauza Fackson kuti amulondole ndi lole ndi chingwe, chifukwa pobwera Leticia akhala pampando wakutsogolo, ndipo kumwamba kwa Madzimoyo kunali kutada kale.