Msampha umene sindinatchere

Ndine amene ndinakonza webusaiti yoonerapo zotsatira za mayeso pa sukulu ina ya pulayiveti ku Zolozolo. Ndinkauza aliyense kuti popanda pasiwedi, ngakhale mfiti singalowemo.

Tsiku lina ndili mu ofesi ya ahedi, munalowa Mayi Mhone, kholo logulitsa usipa wa ku Nkhata Bay, foni ili m'manja.

"Monire mose. Ndimafuna kuona zotsatira za mwana wanga, chala chinaterereka n'kufufuta mawu a kumapeto kwa adiresi ya webusaiti. Taonani zomwe zabwera."

Panali malikisi a sukulu yonse, ndi batani losinthira pambali pake. Pasiwedi sinafunsidwe n'komwe. Amene anaiwala kutseka khomo limenelo ndine.

Ahedi anandiyang'ana.

"Umenewo ndi msampha, madamu," ndinatero. "Ndinausiya dala kuti tigwire akuba."

"Yewo chomene, a Nyirenda! Muli ndi nzeru inu," anatero ahedi.

Potuluka, Mayi Mhone anandinong'oneza kuti, "Adada, msampha wanuwo ngwaulemu. Masamu a mwana wanga ndakwezako pang'ono, koma sunandilume."

Masana omwewo ndinatseka khomolo. Vuto linali loti malikisi akale sindinawasunge pena paliponse, ndipo kukafunsa aphunzitsi a masamu kukanaulula bodza langa. Ndinangowasiya malikisiwo momwemo.

Tsiku lotsekera sukulu, mwanayo anaitanidwa kutsogolo kukalandira mphoto ya wophunzira amene wasintha kwambiri pa masamu. Ndinaomba m'manja kuposa mayi ake.