Nkhope yanu pakhoma la babashopu

Achimwene, ndachoka pa Luchenza mtima uli m'mwamba. Akupaka penti yatsopano mashopu onse a mzere uja, atsala pang'ono kufika pababashopu munajambula paja. Mukukumbuka? Mwini wake ankafuna chithunzi choonetsa kametedwe, inu n'kusowa womutengera. Munandigwiritsa galasi n'kumadzijambula nokha, uku mukundikalipira: "Iwe, usanjenjemere, mphuno ipindika!" Inapindikadi.

Chimwalirireni inu, amayi akaweruka kothyola tiyi Loweruka amakaima pakhomapo, n'kumakuuzani za kunyumba. Lero ndakujambulani pafoni, koma iwo sangayankhule ndi foni. Sindinawauze kanthu. Ndikuopa, achimwene. Pa maliro anu paja, amayi tinachita kuwanyamula pochoka kumanda. Akakapeza khoma lili mbee, ndikawagwira ndekha bwanji?