Mbozi za mzungu wa agulugufe

Woyamba kutiuza anali alamu anga, atangotsika panjinga kuchokera ku Chifunde. Anati kwabwera mzungu wosaka agulugufe, akufuna munthu wodziwa tchire, ndipo amene amupezere gulugufe yemwe akumufunayo amulembera kalata yoti asipayo, apolisi a Apwitikizi, asamutengere ku chibalo chaka chimenecho. Amuna anga anali atauzidwa kale kuti ali m'gulu lokakumba msewu wa ku Kasakatiza. Anadzipereka kwa mzunguyo tsiku lomwelo.

Ine ndinkawanyamulira madzi, mwana ali kumsana. Tinkayenda m'tchire la miyala, la misuku ndi mitondo yaifupi, amuna anga patsogolo, mzungu pakati ndi kaukonde kake kapandodo. Agulugufe oyera ndi achikasu anali mbwee, koma iye ankangopukusa mutu. Masiku anayi anatha choncho.

Tsiku lachisanu anatsegula buku natiwonetsa chithunzi: gulugufe wa mapiko akuda a mawanga ofiira, pambali pake mbozi yake yobiriwira. Ndi kachipwitikizi kanga ka kusikola ya apadiri, ansembe aja, ndinamvako zoti akapeza mbozizo, basi zake zayenda.

“Abambo ake, izitu ndi ndiwo,” ndinanong'ona. “Zili mumtengo uja wa kuseri kwa chulu, kumunda kwathu.”

“Ndiye mukudikira chiyani, amake mwana? Kuti zimere mapiko?”

Ndinalawirira m'mamawa, n'kutola zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe. Mlendo sapatsidwa chinthu chosakonza, ndi mmene tinaleredwera. Ndinazifinya bwinobwino, kuziwiritsa ndi mchere, kuziyanika palichero, kenako kukapereka nditagwada.

Mzunguyo anayang'ana licherolo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anatola imodzi, naitembenuza, nafunsa ngati zatsalako zamoyo. Tinapita naye pamtengopo. Panali masamba odyedwa okhaokha. Iye ankafuna kuziweta m'bokosi mpaka zisanduke agulugufe, koma zimenezo ndinazimvetsa pamenepo, titaimirira patsinde.

Anachoka Lolemba, kalata osalemba. Asipayo anafika sabata yomweyo. Amuna anga anakhala kumsewu miyezi isanu ndi umodzi, nabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Za mbozizo sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo pa chimenechi ndimayamika Mulungu mpaka lero.

Inu owerenga, mukamagwada kupemphera, mutikumbukireko ife ndi ana athu.