Mpata wa Abakha

Mpaka lero, mvula ikagwa pa dothi lokumbidwa kumene, fungo lake limandibwezera ku Lupembe, kuseri kwa nyumba yathu, kumene kunali dzenje limene abambo ankakumbamo dothi la njerwa. Dzinja limenelo ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu. Dzenjelo linadzaza madzi ofiira, abakha athu nkulisandutsa dziwe lawo. M'menemo ndi momwe anamupeza mlongo wanga Lusekelo, wa zaka ziwiri, dzuwa lili paliwombo.

Maliro atatha, panatsala funso limodzi: mwanayo anadutsira pati? Bwalo lathu linali mumpanda wa bango, ndipo chitseko chinali chomanga ndi waya pamwamba, pomwe ngakhale ine ndinkafikapo monyang'ama. Abambo anauzungulira mpandawo kambirimbiri, manja kumbuyo, osapeza kanthu. Kumjigo azimayi ankanong'onezana kuti mwanayo anachita kutengedwa, ndipo ndikafika ndi ndowa yanga ankangoti zii.

Ine ndinkadziwa. Ntchito yotsegulira abakha m'mawa inali yanga, ndipo inkanditopetsa. Tsiku lina ndinathyola mabango anayi m'munsi mwa mpanda, kuseri kwa tsinde la nthochi, kuti azituluka okha. Ndinadziona wochenjera kwabasi. Munthu woimirira sakanauona mpatawo, masamba ouma a nthochi ankauphimba. Maliro atachitika ndinkaopa ngakhale kuyang'anako. Kuutseka kukanakhala kuulula, choncho ndinausiya, ndipo mantha ankandidya ngati chiswe.

Kenaka mng'ono wanga Tumpale anayamba kukwawa. Amayi anazondotsa chilichonse chosunga madzi, mabeseni, ndowa, ngakhale chigoba chomwera nkhuku. Pakhomo pankamveka kulira kwa achule ndi kudontha kwa madzi padenga basi. Tumpale akaloza ku nthochi, ndinkathamanga kukamunyamula. Koma m'mawa uliwonse ndinkapita kusukulu, mpata uli chitsegukire.

Loweruka lina mvula itakata, ndinaona amayi atagwada pabwalo. Ndinayesa akupemphera. Koma anayamba kukwawa pambuyo pa Tumpale, chitenje chikukokeka m'matope, mutu uli pansi. Mwana akaima, iwonso ankaima. Akatola kamwala, iwo ankayang'ana pomwe wakatola. Ndinachita manyazi, ndinaganiza kuti chisoni chawazunguza mutu.

"Amake Lusekelo, dzukani, anthu akuonani," anatero abambo ali pakhonde.

"Asiyeni aone," anayankha amayi osatembenuka. "Inu munafufuza muli chiimire. Ine ndikufuna ndione zimene mwanayu akuona."

Abakha anadutsa mondondozana, akugwedeza michira. Wotsogola anaweramitsa khosi, nkulowa pansi pa masamba a nthochi, osaonekanso. Tumpale anaseka, nkuwatsatira mwaliwiro lomwe sindinkadziwa kuti ali nalo. Mutu wake unali utalowa kale pamene amayi anamugwira mwendo.

Anamupanira pachifuwa kwa nthawi yaitali. Kenaka anandiitana, nati ndigwade pambali pawo. Ndinagwada. Kuchokera pamenepo mpanda wonse unali mdima, kupatula kakhomo kamodzi kowala, kongokwana mapewa a mwana, ndipo kuseri kwake madzi ankanyezimira mokoma, abakha akusambira. Ndinamvetsa kuti Lusekelo sanatengedwe ndi munthu. Anaona khomo, nalowa.

Amayi anayendetsa chala pa mabango othyokawo, limodzilimodzi, onse anayi opindikira mbali imodzi, pa msinkhu umodzi. Anandiyang'ana. Ndinadikira kuti anditchule.

"Ndi abakhawa," anatero mokweza, kuti abambo amve. "Abakha ndi amene anathyola."

Tsiku lomwelo abambo anatseka mpata, nayamba kukwirira dzenje. Abakha onse anaphedwa sabata imeneyo, ndipo nyama yake inandikanika kumeza. Komabe pansi pa mtima ndinapuma, poganiza kuti ndapulumuka, amayi sanazindikire.

Ndinakhulupirira zimenezi zaka zambiri, mpaka mwana wanga woyamba atayamba kukwawa, nane nditagwada m'nyumba ya lendi kuona pomwe angalowe. Ndili pansi pomwepo ndinakumbukira kuti amayi anaweta abakha moyo wawo wonse, ndipo ankadziwa bwino kuti bakha sathyola bango. Tsiku lija anali atataya kale mwana mmodzi, ndipo sanafune kutayanso wina.