Mikanda ya Amayi Pagalasi

Amuna anga anali munthu wosunga zinthu. Ngakhale kachingwe kothothoka pathumba ankakakulunga bwinobwino n'kukasomeka kudenga, ati kadzagwira ntchito. Ine ndine wotayataya, komanso mtima wanga ndi wapachala, moti anthu a m'mudzi mwathu, cha kufupi ndi Nsaru, ankadabwa kuti tinapezana bwanji. Iwo anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, kwawo ku Kabudula, ndipo kwathu anali mkamwini. Nyumba yathu inali kuseri kwa nkhokwe za amayi anga, mpanda wa udzu uli pakati.

Kusunga kwawoko ndi kumene kunawapatsitsa kiyi wa kabati ya zithunzi. Wansembe wina wakale, amene anamwalira ine ndisanakwatiwe, ankayenda m'midzi ndi bokosi lake la miyendo itatu n'kumajambula anthu. Zithunzi za nthawi imeneyo zinkakhala pamagalasi, munthu wakuda akuoneka woyera, woyera akuoneka wakuda. Anasiya mabokosi ambiri a magalasiwo, ndipo pamishoni panafunika munthu wowasamala.

Amuna anga ntchitoyi anaitenga ngati ana awo. M'dzinja ankatsegula kabati kuti mupite mphepo, kuopa chuku. Miyendo ya kabatiyo anaiimika m'zitini za phulusa chifukwa cha chiswe. Fumbi ankachotsa ndi nthenga ya nkhuku, ndipo galasi ankaligwira m'mphepete mokha. Ndinkawaseka kuti ali pamitala, mkazi wamng'ono ndi kabatiyo. Iwo ankangoti, "Anthu ali m'menemo ambiri adapita. Ndikaswa limodzi ndiye kuti ndamuika m'manda kachiwiri." Ine ndinkaona ngati zachibwana, koma ndinkawanyadira ndithu.

Nkhondo ya azungu itatha, kunabwera wansembe wachinyamata wokonda kuseka. Iyeyu ananena kuti sukulu ina ya ukachenjede ya kwawo ili ndi nyumba yosungiramo zakale, ndipo ikufuna magalasi aja. Amuna anga anauzidwa kuti aone galasi lililonse, afotokoze mudzi wake ndi zimene anthuwo akuchita, kenako alilonge mu utuchi. Anali ndi njira yawo: ukaliika galasi pansalu yakuda n'kulipendeketsa pang'ono, nkhope ya munthu imabwerera mwakale.

Tsiku lina anabwera masana dzuwa lili pamutu, sukulu isanaweruke. Sanadzere njira ya pankhokwe koma anazungulira kuthengo, minga ili m'miyendo. Inde, mkamwini amathawa apongozi ake, akawaona amapatuka n'kuyang'ana kumbali, koma uku kunali kuthawa kwina. Chakudya anakana. Ndinawafunsa mwaulemu, zii. Ndinawafunsa mokalipa, ndipo mpamene anayankha maso ali pansi.

"Ndaona chosayenera kuona. Poyamba ndimayesa ndinu. Kenako ndawerenga dzina la mudzi m'mphepete mwake, ndazindikira kuti ndi apongozi."

M'mawa mwake ndinabereka mwana n'kupita nawo kumishoni. Anandiikira galasi pansalu, iwo n'kutembenuka kuyang'ana khoma. Ndinaona mtsikana ataima patsinde pa mtengo, tsiku lotsiriza la chinamwali chake. Kumutu anali ndi chingondo, chisoti chadothi chija amaumbira anamwali, thupi lonse madonthomadontho a ufa. Kansalu kanali kakafupi, pachifuwa palibe kanthu, ndipo mikanda ya m'chiuno inali poyera, ija imene mwamuna wa munthu yekha ndiye amaiona. Anali amayi anga, omwewo amene tsopano ankatsogolera azimayi kutchalitchi, osatuluka m'nyumba opanda mpango kumutu.

Ine nkhani sindigona nayo. Madzulo ake tikusenda mtedza ndinawauza amayi zonse. Anasiya kusenda, manja ali m'lichero. Anati akukumbuka mzungu uja, anabwera ndi mchere n'kupatsa anamkungwi, iwo n'kuuzidwa kuti aime osagwedezeka. Anaona bokosi, anaona mzungu atafunda nsalu kumutu, koma poti m'bokosimo simunatuluke kanthu, anangoti zathera pomwepo. Zaka zonsezo sanadziwe kuti anatsala m'menemo.

Kenako anadzuka n'kukaima pampanda, msana ataulozetsa kunyumba kwathu. Apongozi salankhula ndi mkamwini mwachindunji, choncho ankalankhula ndi ine, koma mokweza kuti wa kuseri amve.

"Mwanawe, uwauze alendo a kuseriwo. Galasilo libwere m'manja mwanga. Apo ayi, akulunge mphasa yawo azipita kwawo. Kodi ndingakhale bwalo limodzi ndi mwamuna woti adandiona m'chiuno, ndiye m'mawa uliwonse azikanditsegulanso m'kabati? Ndiye mwati andilonge mu utuchi, ndikaonedwe ndi dziko lonse, eti?"

Amayi anga sankaopseza chabe. Nyumba ndi yawo, munda ndi wawo, ndipo mkamwini akapitikitsidwa ana amatsala. Ndinaona ukwati wanga ukutha chifukwa cha kagalasi kosakwana n'chikhatho cha bambo wamkulu. Ndinalowa m'nyumba ndili moto.

"Kaligwetseni pansi! Mukati lapulumuka m'manja. Ndani angakuimbeni mlandu?"

"Si langa," anatero.

"Nanga ndi la yani? Munthu ali pamenepoyo ndi mayi wa wansembe?"

"Anandipatsa kuti ndisunge. Wosunga akayamba kuswa mobisa zimene zamuwawa, mawa adzakhulupiriridwa ndi ndani?"

Ndinawanena mawu ambiri tsiku limenelo. Ndinati akwatire kabati yawoyo, iziwaphikira. Ndinati ulemu wa magalasi auposetsa ulemu wa munthu wamoyo. Anangokhala pampando wawo, chala chikukanda bondo. Ndinkawadziwa, kuba sakanaba, kunama sakananama, ndipo tsiku limenelo ubwino wawowo unandinyansa. Pamapeto pake anati akapempha poyera, ndipo wansembe akakana, abweza kiyi n'kusiya ntchito. Ndinati ndipita nawo, chifukwa ndinkaopa kuti akakayamba ulemu wawo uja akabwerako chimanjamanja.

Tinampeza wansembe wachinyamata uja pakhonde akupopa njinga. Amuna anga anavula chipewa n'kufotokoza pang'onopang'ono za chikamwini, za apongozi, za mikanda. Anati pa magalasi onse, ili lokha silingapite, chifukwa mwini wake ali moyo ndipo sanavomere. Sanabwerere m'mbuyo. Ine ndinali nditakonzeka kale kulalata.

Wansembe anapempha kuliona. Atalipendeketsa pansalu, nkhope yake inawala ngati waona mbale wake.

"Aa, ichi! Tengani, aphunzitsi, tengani, palibe mlandu," anatero m'Chichewa chake chopindikapindika. "Galasi silifunika. Ichi chilipo chambiri kwathu."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kakhadi kakang'ono, kotumiza papositi, kothaitha m'makona. Amayi anga anali pakakhadipo, owala bwino kuposa pagalasi paja, mkanda uliwonse ukuoneka pawokha. Anati wansembe wakale uja anatumiza chithunzicho kwawo kalekale, ndipo anasindikiza timakhadi tambirimbiri n'kumagulitsa pakhomo la tchalitchi kuti athandize mishoni. Amayi a wansembe wachinyamatayu anakhoma kakhadi kamodzi pakhoma la kukhitchini. Iye anakula akukayang'ana, ndipo n'komwe kanamupatsa mtima wobwera kuno. Ankanena zimenezi mokondwa, ngati akutipatsa mphatso. Anafunsanso ngati angabwere kumudzi kudzawaona amayiwo.

Munthuyo sanali woipa, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinasowa womutukwana. Amuna anga anayang'ana kumbali monga amachitira akakumana ndi apongozi panjira, n'kunena kuti amayiwo sakonda alendo.

Pobwerera tinayenda mpaka kudambo. Galasi linali m'thumba la jekete, atalikulunga m'kansalu. Pamenepo amuna anga anaima.

"Madzi akatayika saoleka," anatero. "Komabe kubisa n'kunama. Tiwauze?"

"Mukawauza, wokupitikitsani ndikhala ine."

Ndinaona kuti ndawasenzetsa chinthu cholemera kuposa chimene anakana chija, koma sindinabweze mawu.

Amayi analilandira galasi ndi manja awiri, osalitsegula n'komwe. Analiika mumtondo wakale wong'aluka, n'kulisinja pamodzi ndi nsalu yake mpaka linasanduka ngati mchenga. Ankasinja mwamphamvu, thukuta lili kamukamu, ine nditagwira mtondo kuti usagwe. Zotsalazo anakazithira m'dzenje la chulu n'kutsekapo ndi dothi. Atabwerako anasamba m'manja, anakonza mpango wawo, n'kupuma mpweya wautali. Ndinali ndisanawaonepo atapepukidwa chotero.

Kenako anakaima pampanda paja, msana ku nyumba yathu, n'kukweza mawu kuti wa kuseri amve.

"Mwanawe, uwauze amuna ako asakulunge mphasa. Ndavala tsopano."

Ndinkadziwa kuti amuna anga ali kuseriko, akumva, ndipo akulimbana ndi pakamwa pawo. Ndinafulumira kuyankha iwo asanatsegule.

"Inde amayi," ndinatero, misozi ikundiotcha m'maso. "Mwavala."