Pulasitiki ya pa Matiresi

Dzuwa la Okutobala ku Matandani limatuluka litakwiya kale. Nyenje zimalira m'mitengo kuyambira m'mawa, mapiri amada ndi lupsa, ndipo aliyense wokhala ndi khasu amalawirira kukaunga mizere mvula isanamupeze. Chaka chimenecho munda wa Estere unali wosasosa. Mapesi akale anali chiimire.

Estere anakwatiwa ndi a Gerishon ali mtsikana, ndipo anabereka mwana mmodzi, Tisungeni, amene tsopano ali pabanja ku Mwanza. A Gerishon anali ocheka matabwa. Zitseko za m'mudzimo, mabenchi a kutchalitchi, bedi la m'nyumba mwawo, zonse zinadutsa pa sowo yawo. M'mwezi wa Juni chipika cha bulugamu chinagubuduka padzenje lochekera n'kuwagwera pamsana. Kuchipatala anabwerako ndi moyo, koma kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sankamvanso kanthu.

Kuchokera pamenepo munda wa Estere unali thupi la amuna ake. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa, kuyanika. Matiresi awo akale anali ataphwa ngati chikopa, moti wogonapo ankawerenga matabwa a bedi ndi msana. Seputembala akutha, m'munsi mwa msana wa a Gerishon munatuluka kachilonda kofanana ndi chitsekerero cha botolo. Callista, mayi wa m'mudzi momwemo amene amayendera odwala m'makomo, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi a Tisungeni, chilonda chotere chimabwera chifukwa chogonera pouma. Chikalowa mkati chimatenga munthu. Muziwatembenuza pafupipafupi, komanso apezereni matiresi okhuthala."

Estere anagulitsa mbuzi yake yomaliza. Anayeza bedi ndi luzi, mfundo imodzi m'litali, ina m'lifupi, n'kukwera njinga yamoto kupita ku Neno paboma. Kusitolo ya a Saidi matiresi anali atasanjikizidwa mpaka kudenga, onse atakutidwa ndi pulasitiki yonyezimira.

"Awa ndi ofewa ngati buledi, mayi," anatero a Saidi akutsitsa amaluwamaluwa. "Mukagonapo, tambala adzalira mpaka kusasa mawu."

Estere anapempha kuti awayale pansi. Anavula patapata n'kugwadapo. Bondo linamira mpaka kugunda simenti.

"Awa ayi."

Anagwada pa ena, ndi enanso. Bondo linkapezabe simenti.

"Kodi mwabwera kudzagula kapena kudzapemphera?"

"Ogonapo ake sadzuka, bambo. Amagona usana ndi usiku."

A Saidi anasiya kuseka. Analowa kuseri n'kutuluka akukoka matiresi olemera, obiriwira, opanda maluwa.

"Ofewa aja amanamiza dzanja," anatero motsitsa mawu. "Pakatha mwezi munthu wafika pathabwa. Tayesani awa."

Estere anagwada. Bondo linalowa pang'ono n'kuima. Anadinikiza ndi zibakera ziwiri, atachotsa anayang'ana dzenje likudzaza lokha. Kulemera kwa amuna ake ankakudziwa bwino, popeza ankakunyamula m'manja tsiku ndi tsiku, koma anafuna kuti msana wake umuuze. Anagona chagada, anthu akudutsa pakhomo. Anangoti atseke maso pang'ono. Kwa miyezi inayi msana wake unali usanapumepo chonchi, ndipo misozi inatsikira m'makutu. Anadzuka mwamanyazi, natulutsa luzi. Mfundo zonse ziwiri zinagwera m'mphepete ndendende.

Atafika kunyumba anatenga mpeni kuti ang'ambe pulasitiki. A Gerishon anakweza dzanja.

"Isiyeni, make Tisungeni. Ndi nyumba iti munaona atachotsa? Ine sindidziwa nthawi yotaya madzi. Ndingawononge chinthu chatsopano."

Zinali zoona. M'mudzimo aliyense wogula matiresi amasiya pulasitiki mpaka idzang'ambike yokha, kuti akhalitse. Estere anabwezera mpeni patsindwi la khitchini, nayala chitenje chimodzi pamwamba.

Masiku anatentha. Malata ankathetheka masana. Chitenje chinkaterereka papulasitiki n'kuunjikana, ndipo Estere akabwera kudzawatembenuza ankachipeza chili chonyowa ngati chochokera kudambo. Ankasintha, akuyamikira mumtima kuti matiresi sananyowe.

"Mukumva bwanji pamenepa?"

"Ngati bwana wa kuboma. Chatsala ndi tiyi wamkaka basi."

Koma chilonda chinkakula. Estere anaganiza kuti manja ake ndiwo sakutsuka bwino, choncho ankawiritsa madzi amchere kawiri patsiku m'malo mwa kamodzi. Callista anali atapita kumaliro a mlongo wake ku Lisungwi, ndipo anakhalako sabata ziwiri. Tsiku limene anabwera, anaima pakhomo la chipinda, fungo litamulonjera. Anawatembenuza a Gerishon. Chilonda chinali ngati chikhatho, chakuya, khungu lozungulira litayera ndi kufewa. Analowetsa dzanja pansi pa chitenje, pulasitiki inalira, dzanja linatuluka likudontha.

"Matiresi munasankha abwino, mayi. Koma thukuta lilibe kopita. Akugona m'madzi, khungu likuvunda. Ichotseni lero lomwe. Pansi pa chiuno pokha ndi pamene mungaike kachidutswa, nsalu zouma pamwamba. Ndikukaimba foni kuti mawa galimoto iwatengere kuchipatala."

"Chipola?"

Callista anayang'ana pansi. "Tiyeni madokotala akachione kaye."

Callista atatuluka, m'nyumba munatsala kulira kwa nyenje. Estere anakhala m'mphepete mwa bedi, manja ali pamiyendo.

"Bambo a Tisungeni, m'munsimu simumva, ndikudziwa. Koma m'mapewamu mumamva. Simumamva kutentha?"

"Ndimamva. Ngati ndagona pachiwaya."

"Nanga osanena bwanji?"

A Gerishon anayang'ana kukhoma. Mawu awo anatuluka pang'onopang'ono.

"Ndinakugonekani pamatabwa zaka zonsezi. Ndinkati chaka chamawa, chaka chamawa. Tsiku lija munabwera kuchokera kuboma, munati munagonapo m'sitolo mpaka kutsala pang'ono kusinza. Nkhope yanu inali ngati ya kale. Ine masiku anga ndikuwaona. Ndimafuna ndikapita matiresiwa muwapeze oyera, opanda fungo langa."

Estere anafuna kukalipa, koma anaugwira mtima. Anayang'ana mapewa amene kale ankasenza matabwa anayi kuchokera kuphiri, tsopano mafupa ali poyera, ofiira ndi zotupa za thukuta.

"Mbuzi ija ndinagulitsira msana wanu," anatero potsiriza. "Fungo lanu ndakhala nalo zaka makumi atatu. Ndinadandaulapo kwa ndani?"

Kutali, cha ku Dambe, kunagunda bingu loyamba la chizimalupsa, ndipo kamphepo kanalowetsa phulusa la lupsa pazenera.

Estere anayala mkeka pansi. Analowetsa dzanja limodzi pansi pa mapewa, lina pansi pa mawondo, nawatsitsa amuna ake pang'onopang'ono. Anakatenga mpeni patsindwi. Anaboola pulasitiki pangodya n'kutsata msoko mpaka kumapazi, kenako mbali inayo. Anaisolola yonse, nadulako kachidutswa kofanana ndi lichero, yotsalayo anaiponya panja. Anatsegula sutikesi n'kutulutsa zitenje ziwiri zimene ankasungira kutchalitchi. Anaika kachidutswa kaja pogonera chiuno, nayala zitenjezo pamwamba, nazikokera m'mbali mpaka makwinya onse atatha. Kenako anawanyamulanso a Gerishon, nawagoneka chammbali, chilonda chili kumphepo, n'kuika pilo pakati pa mawondo awo.